Amatroni, Ripoti Lipatsidwire Pabedi la Wodwala

Amatroni ndi ma inchaji a mawodi, kaya muli ku Queen Elizabeth, ku Mzuzu Central kapena pachipatala cha paboma, yang'anitsitsani nthawi imene anamwino ausiku akuweruka ndipo amasana akulowa. Wotuluka maso ali gwaa ndi tulo, mtima uli kale kunyumba. Wolowayo sanaonepo wodwala ngakhale mmodzi. Mankhwala ambiri amadumphidwa pomwepo.

Tengani mwana wa malungo aakulu amene wayamba jekeseni wa artesunate. Amabayidwa atangogonekedwa, kachiwiri pakatha maola 12, kachitatu pa maola 24. Wausiku akangoti "mwana wa pabedi lachinayi ali bwino" osatchula ola limene anabaya, wamasana azingoganizira. Mayi woyembekezera amene BP inakwera mpaka kukomoka ndiye nkhani yake imandisowetsa tulo. Mankhwala ake oletsa kukomoka, magnesium sulphate, amabayidwa maola anayi alionse, ndipo asanabayidwe namwino ayenera kuona kapumidwe kake, kuchuluka kwa mkodzo, ndiponso ngati bondo likudumpha akaligogoda. Zimenezi sizinenedwa bwino anthu atakhala pamipando mu ofesi.

Choncho lamulani kuti ripoti la odwala, limene namwino woweruka amapereka kwa wolowa, liziperekedwa pabedi, failo ili m'manja. Ayambire odwala kwambiri. Pa aliyense anene chimene chinamubweretsa, chimene chasintha usiku, mankhwala amene walandira ndi ola lake, komanso chimene chatsala kuchitidwa. Gadiyani afunsidwenso. Iye ndi amene wachezera pamphasa pambali pa wodwalayo, ndipo amadziwa ngati wasanza kapena wakana phala.

Inunso muzipezekapo, ngakhale kawiri pa sabata, osalengeza. Mapepala ndi misonkhano zidikire. Mukamva cholakwika, musakalipire namwino odwala akumva. Muitanireni pambali ripoti likatha. Amene wachititsidwa manyazi pagulu, mawa lake amabisa zimene walakwitsa.

Ripoti labwino limayambira pa rosita. Namwino amene wangomaliza kumene maphunziro ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS kapena ku makoleji a mipingo a CHAM asagwire yekha ntchito yausiku mu wodi. Mumuphatikize ndi mnzake wozolowera ntchito. Za locum, ntchito yowonjezera yolipidwa padera, tikudziwa kuti zimathandiza pathumba ndipo zimatseka mipata, koma amene wachezera usiku wonse asapitirizenso masana. Musanasayinire rosita ya mwezi, werengani mausiku a munthu aliyense payekhapayekha, kuphatikizapo a locum amene akugwira m'mawodi ena.