Zoyenera kuchita foni ndi kompyuta zikasiya kutumizirana zinthu pa Wi-Fi

Munthu amene anazolowera kuti zithunzi, nyimbo kapena mauthenga a m'foni yake zizifika zokha pa kompyuta ya kunyumba popanda kulumikiza chingwe amasowa pogwira tsiku limene zonse zangoima. Foni ili patebulo, kompyuta yayaka, chizindikiro cha Wi-Fi chikuoneka bwinobwino pa zipangizo zonse ziwiri, koma palibe chikusuntha. Zikatere ambiri amathamangira kufufuta pulogalamu n'kuiikanso, ndipo ena amafika pobwezeretsa foni mmene inabwerera kuchokera kusitolo, zomwe zimawatayitsa zinthu zambiri pachabe. Kawirikawiri vuto limakhala loti zipangizo ziwirizi zasiya kuonana pa netiweki, ndipo ntchito yanu ndi kupeza malo enieni pamene kuonanako kwadukira, kuyambira pa rauta, kenako pa kompyuta, kenako pa foni.

Musanagwire chilichonse, dziwani njira imene zinthu zanu zimadutsa, chifukwa njirazi zilipo ziwiri ndipo mavuto ake ndi osiyana. Njira yoyamba ndi yoti foni ndi kompyuta zimalankhulana mwachindunji kudzera pa rauta ya m'nyumba, ndipo mafayilo satuluka kupita kunja. Umu ndi mmene iPhone imagwirira ntchito ndi mapulogalamu a Apple a pa kompyuta, omwe ndi Finder, iTunes kapena Apple Devices, komanso mmene mapulogalamu monga KDE Connect ndi LocalSend amagwirira ntchito. Njira yachiwiri ndi yoti foni imakweza kaye mafayilo pa intaneti, monga ku Google Photos, iCloud kapena OneDrive, ndipo kompyuta imawatsitsa kuchokera kumeneko. Njira yoyambayo siidya bandulo, koma imafuna kuti zipangizo zikhale pa netiweki imodzi, pamene yachiwiriyo imagwira ntchito ngakhale foni ili ku Mzuzu kompyuta ili ku Zomba, bola intaneti ikhalepo mbali zonse ziwiri.

Kodi zilidi pa netiweki imodzi?

Funso limeneli limaoneka ngati lachibwana, koma ndi pamene mavuto ambiri amabisala. Yambani ndi kuyerekeza dzina la Wi-Fi pa foni ndi pa kompyuta, chilembo ndi chilembo. Marauta ambiri amaulutsa mayina awiri kapena atatu: lina la 2.4 GHz, lina la 5 GHz, ndipo lina la alendo, limene nthawi zambiri limathera ndi mawu oti Guest. Mayina awiri oyambawo amakhala a netiweki imodzi pa marauta ambiri, koma netiweki ya alendo inapangidwa dala kuti amene alowa pamenepo apeze intaneti yokha ndipo asaone zipangizo zina za m'nyumba. Ngati foni inalowa pamenepo tsiku lina n'kusunga pasiwedi, imatha kumabwererako yokha inu osadziwa.

Pali chinthu chinanso chimene chimachitika kawirikawiri m'nyumba zimene zimadalira MiFi kapena rauta yoikamo SIM khadi. Bandulo ikatha mu rauta, mafoni ambiri amaona kuti Wi-Fi ilibe intaneti ndipo amasamukira okha pa data ya m'foni, nthawi zina chizindikiro cha Wi-Fi chidakali pamwamba pa sikirini. Kuti mutsimikize, zimitsani kaye data ya m'foni, ndipo foni ikafunsa ngati mukufuna kukhalabe pa Wi-Fi yopanda intaneti, vomerani. Kutumizirana mafayilo mwachindunji kumatheka ngakhale rauta ilibe bandulo ndi pang'ono pomwe.

Umboni weniweni uli pa manambala a IP, omwe ndi manambala amene rauta imapereka kwa chipangizo chilichonse kuti chidziwike pa netiweki. Pa kompyuta ya Windows, tsegulani Command Prompt, lembani ipconfig, ndipo yang'anani mzere wa IPv4 Address. Pa foni, dinani dzina la Wi-Fi imene mwalumikizako ndipo muona nambala ya mtundu womwewo. M'nyumba zambiri zigawo zitatu zoyambirira zimayenera kufanana, mwachitsanzo 192.168.8.100 pa kompyuta ndi 192.168.8.103 pa foni. Ngati kompyuta ikuonetsa 192.168.1.20 pamene foni ikuonetsa 192.168.0.14, ndiye kuti pali marauta awiri, mwina wina anawonjezera chipangizo chofalitsira Wi-Fi kuchipinda, ndipo chipangizocho chapanga netiweki yakeyake. Nambala yoyamba ndi 169.254 imasonyeza kuti chipangizo sichinalandire nambala kuchokera ku rauta, ndipo apa mankhwala ake ndi kuzimitsa rauta kwa theka la mphindi n'kuiyatsanso. Izi zimaoneka kwambiri magetsi akathima n'kubwera mwadzidzidzi, chifukwa kompyuta ndi rauta siziyaka pa liwiro limodzi, komanso manambala amatha kusinthana, kotero pulogalamu imene munailembera nambala ya kompyuta pamanja imakhala ikugogoda pakhomo lolakwika.

Manambala akagwirizana, yesani kuitana foni kuchokera pa kompyuta: mu Command Prompt lembani ping, siyani mpata, kenako lembani nambala ya foni, sikirini ya foniyo ili yoyaka. Mukaona mizere yoyamba ndi Reply from yokhala ndi nambala ya foniyo, njira ndi yotseguka. Mukaona Request timed out kapena Destination host unreachable, lowani mu rauta polemba nambala yake mu bulawuza, imene imalembedwa pa kapepala kunsi kwa rautayo, ndipo fufuzani mawu oti AP Isolation kapena Client Isolation. Chimenechi chikakhala choyatsa, chipangizo chilichonse chimaona rauta yokha basi. Chizimitseni. Dziwani kuti pa Wi-Fi ya ku ofesi, ku koleji kapena ku hotelo chimakhala choyatsa mwadala, ndipo kumeneko palibe chimene mungasinthe.

Kompyuta ikatseka chitseko

Windows imagawa manetiweki m'magulu awiri, Public ndi Private. Netiweki ikaikidwa m'gulu la Public, kompyuta imadzibisa ndipo firewall, yomwe ndi mlonda wosankha zololedwa kulowa mu kompyuta, imakana zambiri zobwera kuchokera ku zipangizo zina, zomwe ndi zanzeru pamalo a anthu ambiri koma zosathandiza m'nyumba mwanu. Pa Windows 11, tsegulani Settings, pitani pa Network & internet, sankhani Wi-Fi yanu, ndipo pa Network profile type sankhani Private. Vutoli limakonda kubwera mukasintha rauta kapena dzina la Wi-Fi, popeza Windows imatenga netiwekiyo ngati yachilendo.

Kenako onani ngati pulogalamu yanu ndi yololedwa kudutsa firewall. Lembani mawu oti Allow an app through Windows Firewall pamalo ofufuzira, ndipo onetsetsani kuti pulogalamuyo yachongedwa pansi pa Private. Pulogalamu iliyonse ili ndi zipata zake zimene imadutsira: KDE Connect imagwiritsa ntchito 1714 mpaka 1764, LocalSend imagwiritsa ntchito 53317, ndipo Bonjour ya Apple, imene imathandiza zipangizo kupezana pa netiweki, imagwiritsa ntchito 5353. Anthu ena amalangiza kuzimitsiratu firewall, koma ine ndimaona kuti kutero n'koyenera kwa mphindi ziwiri zokha, pongofuna kudziwa ngati ndiyo ikutsekereza; mukadziwa, iyatseninso ndipo lolani pulogalamu imodziyo. Ngati pa kompyuta pali antivirus yogula padera, nayonso imakhala ndi firewall yake yofunika kuiona. VPN nayo, pulogalamu yodutsitsa intaneti yanu pa njira yobisika, kaya ili pa foni kaya pa kompyuta, imatha kukhotetsa zonse kupita kunja kotero kuti zipangizo zoyandikana sizionananso, choncho izimitseni pamene mukuyesa.

Foni ikagoneka pulogalamu

Ngati zinthu zimayenda pokhapokha mutatsegula pulogalamu pa foni, ndipo zimaima mukangoika foni m'thumba, netiweki ilibe mlandu. Kuyambira pa Android 6.0, imene inatuluka mu 2015, foni imagoneka mapulogalamu amene sakugwiritsidwa ntchito pofuna kusunga batire, ndipo opanga mafoni ambiri amawonjezerapo njira zawo zosungira moto. Lowani mu Settings, pitani pa Apps, sankhani pulogalamu yanu, kaya ndi Link to Windows, yolumikiza foni ndi kompyuta ya Windows, kaya KDE Connect, ndipo pa gawo la batire sankhani Unrestricted kapena mawu ena ofanana nawo. Pa mafoni a Tecno, Infinix ndi itel, amene ali m'manja mwa anthu ambiri kuno kwathu, yang'ananinso gawo limene limalola pulogalamu kudziyatsa yokha, ndipo samalani ndi batani loyeretsa foni, chifukwa limatseka mapulogalamu onse amene akugwira ntchito mobisika, kuphatikizapo imene mukuifunayo. Battery Saver ndi Data Saver nazonso zizimitseni pa nthawi yoyesa.

Zilolezo nazo zimasowa mwakachetechete. Android imachotsa zilolezo za pulogalamu imene yakhala miyezi ingapo osatsegulidwa, choncho onani ngati pulogalamu yanu ikadali ndi chilolezo choona zithunzi, mafayilo ndi zipangizo zapafupi. Pa iPhone, kuyambira pa iOS 14 ya mu 2020, pulogalamu iliyonse yoikamo nokha yofuna kuona zipangizo zina pa netiweki imapempha chilolezo cha Local Network, ndipo munthu akadina kukana tsiku loyamba funsolo silibweranso; muyenera kupita nokha pa Settings, Privacy & Security, kenako Local Network, n'kuyatsa. Amene amagwiritsa ntchito Quick Share, dzina limene Google ndi Samsung anagwirizana mu 2024 m'malo mwa Nearby Share, akumbukire kuti zipangizo zimapezana kudzera pa Bluetooth zisanayambe kutumizirana pa Wi-Fi, kotero Bluetooth iyenera kukhala yoyatsa mbali zonse ziwiri, ndipo chipangizo cholandira chikhale chololedwa kuoneka.

Za iPhone mwapadera

Apple inabweretsa kutumizirana zinthu ndi iTunes pa Wi-Fi mu 2011 pa iOS 5, ndipo lamulo lake silinasinthe: ulendo woyamba pamafunika chingwe. Lumikizani foni ndi chingwe cha USB, dinani Trust pa foni n'kulemba nambala yanu yachinsinsi, kenako chongani bokosi loyenera n'kudina Apply. Pa Mac yokhala ndi macOS Catalina ya mu 2019 kapena yatsopano kuposa pamenepo, bokosilo lili mu Finder ndipo lalembedwa kuti Show this iPhone when on Wi-Fi, pamene mu iTunes lalembedwa kuti Sync with this iPhone over Wi-Fi. Foni imayamba yokha kutumiza ikakhala pa chaja, pa netiweki imodzi ndi kompyuta, kompyutayo ili yoyaka osati yogona.

Foni ikasowa mu iTunes pa Windows, kawirikawiri wolakwa amakhala mmodzi mwa atumiki awiri, kutanthauza timapulogalamu ta Apple timene timagwira ntchito mobisika. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani services.msc, pezani Bonjour Service ndi Apple Mobile Device Service ngati zilipo pa mndandanda, ndipo ziyambitseninso podina Restart. Bonjour ndi amene amalengeza pa netiweki kuti chipangizo chakutichakuti chilipo, ndipo akaima, foni ndi kompyuta zimakhala ngati anthu awiri m'chipinda cha mdima, aliyense ali chete. Zikakanikabe, lumikizani chingwe, chotsani chochonga pa bokosi lija, dinani Apply, chongani kachiwiri n'kudinanso Apply. Chenjezo limodzi apa ndi lofunika kwambiri: iPhone imagwirizana ndi nkhokwe imodzi yokha ya nyimbo pa nthawi imodzi, ndiye kompyuta yatsopano ikaonetsa uthenga wokhala ndi mawu oti Erase and Sync, musadine mofulumira, chifukwa nyimbo zimene zinachokera pa kompyuta yakale zidzafufutika m'foni.

Zodutsa pa intaneti

Mavuto a njira yachiwiri ija ndi ochepa ndipo sachedwa kupezeka. Onani kaye ngati mwalowa ndi akaunti imodzi pa zipangizo zonse, popeza anthu ambiri ali ndi ma Gmail awiri kapena atatu, ndipo Phone Link, pulogalamu ya pa Windows yogwira ntchito limodzi ndi Link to Windows, nayo imafuna akaunti imodzi ya Microsoft pa foni ya Android ndi pa kompyuta. Kenako onani malo otsala: Google imapereka 15 GB yaulere imene Gmail, Drive ndi Photos zimagawana, pamene iCloud ndi OneDrive zimapereka 5 GB iliyonse, ndipo malo akadzaza kukweza kumaima. Mapulogalamuwa nthawi zambiri amadikiranso Wi-Fi asanakweze zithunzi, ndipo Wi-Fi yochokera pa hotspot ya foni ina amatha kuitenga ngati data yolipira. Pa Windows onani ngati Metered connection ndi yoyatsa, chifukwa ikatero kompyuta imatenga Wi-Fi ngati data yolipira. Musaiwale wotchi. Laputopu yakale imene kabatire kake kakang'ono ka m'kati kanatha imabwerera ku deti la zaka zapitazo ikazimitsidwa, ndipo deti likalakwika, maakaunti amakana kulowa popanda kufotokoza chifukwa chomveka.

Zonsezi zikalephera, pali kuyesa kumodzi kumene kumalekanitsa vuto la rauta ndi vuto la zipangizo. Bwerekani foni ina, yatsani hotspot yake, ndipo lumikizani foni yanu ndi kompyuta pamenepo, osaiwala kuika netiwekiyo pa Private. Zikatheka pamenepo, bwererani ku rauta yanu, pakuti vuto lili mmenemo. Zikakanikabe, chotsani foni pa mndandanda wa zipangizo mu pulogalamu ya pa kompyuta, chitaninso chimodzimodzi pa foni, ikani mtundu watsopano wa pulogalamuyo mbali zonse ziwiri, ndipo zilumikizeni ngati koyamba. Reset Network Settings isiyeni kumapeto kwenikweni, chifukwa imafufuta mapasiwedi onse a Wi-Fi amene foni inasunga, choncho lembani kaye pasiwedi ya kunyumba papepala, ndipo koperani zithunzi zanu pa kompyuta ndi chingwe musanadine batanilo.