Mgolo ukuzungulira koma zovala zikutuluka zonyowa

Chiperoni chikagwa kuno ku Mulanje, zovala zimatha masiku atatu zili pachingwe pakhonde mpaka kuyamba kafungo ka chuku. Timangopirira, podziwa kuti phiri likayera dzuwa libwera. N'chifukwa chake ndinayamba ndi kuseka mlongo wanga atandiimbira pa WhatsApp kuchokera ku Dublin, ine ndili pabenchi yanga pa Chitakale ndikulimbana ndi ketulo ya munthu. "Achimwene, makina oumitsira zovala afa, yunifolomu ndikuifuna mawa m'mamawa." Ndinasiya kuseka atandionetsa pawindo. Chiperoni chakumeneko n'cha miyezi, ndipo pomwe akukhalapo palibe poyanika.

Makina amenewa ndinawagwirako kwambiri ndili ku Cape Town, ndipo ambiri amene eni ake ankati afa anali asanafe. Mgolo ukamazungulira ndiye kuti mota ili moyo ndipo magetsi akufika. Chasowa n'kutentha basi, ndipo kawirikawiri chochititsa chake sichifuna n'komwe sikuludiraiva.

Yambani ndi chochititsa manyazi. Onani pomwe mwaloza kabatani kozunguliza kaja. Pakalembedwa Air Dry, Air Fluff kapena Cool, makinawo akungouzira mphepo mwadala, ndipo mwana amatha kupotoza inu osaona. Komanso makina ambiri amazimitsa moto kumapeto kuti zovala zizizire, ndiye mukatsegula nthawi imeneyo mupeza muli mozizira. Ikani pa kutentha kwambiri, dikirani mphindi 5, tsegulani mupise dzanja.

Dziwaninso mtundu wa makina anu, poti alipo atatu. Ena amatulutsa mpweya wonyowa panja kudzera m'paipi yaikulu ya kumbuyo. Ena, otchedwa condenser, amasandutsa nthunzi kukhala madzi n'kuwasunga m'kathanki komwe mumakataya. Achitatu ndi a heat pump, omwe achuluka ku Ulaya chifukwa sadya magetsi ambiri. Awa amangofunda, pafupifupi madigiri 50, ndipo amatenga nthawi yaitali. Munthu wozolowera kuti chouma chizituluka chootcha m'manja amaganiza kuti awonongeka, chonsecho ndi mmene anapangidwira. Mukawaika m'galaja yozizira nthawi ya chisanu, ulesi wake umanyanya.

Tsopano nkhani yeniyeni, mpweya. Ndinamuuza mlongo wanga kuti asolole sefa yomwe ili pakhomo pa mgolo. Anaisolola n'kuiloza ku kamera. Inali itaphimbidwa ndi ubweya wa nsalu wotuwa, wokhuthala ngati chala, woti anausenda wonse n'kuchoka kamodzi ngati kabulangete ka mwana. Chilowereni m'nyumbamo anali asanaitsegulepo, poti palibe anamuuza. Sefa imeneyi imafuna kuchotsedwa ubweya nthawi iliyonse mukaumitsa. Ngati mumaponyamo timapepala tonunkhiritsa tija, timasiya utoto wosaoneka womata timabowo. Tsirani madzi pasefapo: akaima osadutsa, itsukeni ndi sopo ndi mswachi wakale, iume, ndiye mubwezeretse.

Mwa makina a paipi, kokerani makinawo kutsogolo muone kumbuyo. Nthawi zambiri paipi imakhala itaphwanyidwa ndi khoma pomwe wina ankakankha kuti apeze malo. Ichotseni, muikutumule, mutulukenso panja makina akuyenda mukaike dzanja potulukira mpweya. Uzikukankhani dzanja. Ukamangoti pang'onopang'ono, m'njiramo mwatsekeka, mwina ubweya, mwina chisa cha mbalame. A condenser, tayani madzi a m'kathanki, poti kakadzaza ambiri amaima, kenako tsegulani kachitseko ka m'munsi musolole bokosi la timapepala tachitsulo mulitsuke ndi madzi. A heat pump ambiri bokosilo silichoka, mumangotsuka sefa yachiwiri ya pamenepo n'kupukuta modekha ndi burashi yofewa.

Chifukwa chake n'chakuti mpweya ukatsekeka, kutentha kumaunjikana m'kati, ndipo opanga anaikamo mlonda woti azidula moto zisanafike poipa. Pa makina ena a ku UK ndi ku Ireland mlondayo amadzutsidwa ndi kabatani kofiira kumbuyo: zulani pulagi, dikirani azizire, dinani mpaka mumve kuti thi. Pa ena, makamaka a ku America, ndi fyuzi ya kutentha yomwe ikapsa yapsa, imafuna ina yatsopano. Ndi kachinthu kakang'ono kotchipa, ka mawaya awiri.

Apa ndiye ndimvetsereni, abale anga. Kwathu kuno fyuzi ikapsa tonse timadziwa zochita: kawaya ka kopa, kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu, wailesi n'kuyambanso kuimba. Nanenso ndinazichitapo, sindikana. Koma nzeru imeneyo isakwere nanu ndege. M'makina oumitsira muli moto, mphepo ndi ubweya wouma, zinthu zitatu zomwe mayi aliyense wokoleza mbaula amadziwa zomwe zimachita zikakumana. Mukalumikiza waya podutsa fyuzi, makina atenthadi, muvala zouma sabata imodzi kapena ziwiri, koma mwachotsa mlonda pomwe wakuba ali kale m'nyumba. Ndipo nyumba zakunjazo n'zamatabwa m'kati, zogundizana, wina m'mwamba wina m'munsi. Ngakhale kugula fyuzi yatsopano osatsegula njira ya mpweya n'kutaya ndalama, ipsanso.

A ku America ndi ku Canada muli ndi msampha wanuwanu. Makina anu amadya mavolti 240 kudzera m'mawaya awiri a 120 aliyense. Mota imayendera waya mmodzi, koma elementi yotenthetsa imafuna onse awiri. Mbali imodzi ikadulidwa, mgolo umazungulira bwinobwino wopanda moto. Pitani pabokosi la magetsi, pezani bureka ya mano awiri, kawirikawiri yolembedwa 30, muithimitse mpaka kumapeto ndiye muiyatsenso. Ikagwanso, musalimbane nayo, itanani wamagetsi. A ku UK, Ireland ndi Joni, magetsi anu ndi a 230 ngati a kwathu, ndipo fyuzi ya 13 ya m'pulagi ya ku UK ikapsa makina amangoti zii onse. Ndiye ngati mgolo ukuyenda, vuto si pulagi.

Zonsezi zikakanika, otsala ndi elementi ndi ma thermostat, tizipangizo toyang'anira kutentha. Elementi ndi waya wopotana ngati wa pa hotipuleti, ndipo ukakalamba umaduka. Amene muli ndi multimeter, mita yoyezera magetsi, ndipo munaigwirapo, zulani pulagi kukhoma kaye, osati kungothimitsa. Jambulani mawaya ndi foni musanazule ngakhale umodzi. Fyuzi ikakhala yamoyo, kabelu ka mita kamalira. Elementi yamoyo ya makina a ku America imaonetsa ma ohm pafupifupi 10, ya ku Ulaya kuposerapo, yoduka sionetsa kanthu. Poitanitsa china, lembani nambala ya makina yomwe ili pa kapepala komatidwa m'mphepete mwa chitseko, poti ofanana nkhope amasiyana m'mimba. Heat pump musatsegule, m'kati mwake ndi ngati firiji. A gasi, omwe ali m'nyumba zambiri ku America, tsukani sefa ndi paipi basi, zotsalazo n'za munthu wa chiphaso. Mukamva fungo la gasi, tulukani muimbe foni muli panja.

Musanamasule sikuluwu ngakhale imodzi, dzifunseni kuti makinawo ndi a ndani. Ngati munawapeza m'nyumba ya lendi, alembereni eni nyumba uthenga wokhala ndi chithunzi, ndipo onani zomwe munasainirana. Mukatsegula nokha, mawa adzati mwawononga ndinu n'kukudulani dipoziti. Ngati ndi anu koma atsopano, kutsegula kumatha kupha warranty, lonjezo la opanga lokukonzerani akawonongeka. Ndipo a ku UK amene mumagula akaunjika, samalani: mu 2019 kampani ya Whirlpool inaitanitsa makina ena a Hotpoint, Indesit ndi Creda opangidwa pakati pa 2004 ndi 2015 chifukwa cha ngozi ya moto. Yang'anani nambala yanu pa intaneti musanawayatse.

Mlongo wanga uja anali ndi condenser. Atatsuka sefa ndi bokosi la m'munsi, madzi ake akuda ngati a m'ngalande, anagwada kumbuyo ndi tochi ya foni, ine ndikungoona denga ndi chigongono chake. Kenako ndinamva kuti thi. Patapita mphindi zochepa anaimbanso, dzanja lili pagalasi la chitseko. "Achimwene, kwafunda! Ndikulipireni zingati?" Ndinati atumize ya mayunitsi. Mwini ketulo uja anali atakhala pa benchi nthawi yonseyi, akumvetsera, ndipo anafunsa ngati yakenso ili ndi kabatani kofiira.