Felemu yanu ikutseka nkhope chifukwa mukuisunga mu JPEG

Chiyambireni nyengo ya maukwati ino, ndayenda m'masitudiyo angapo ojambula ndi kutsuka zithunzi, ndipo vuto lomwe ndikulipeza ndi limodzi lomwelo. Mnyamata wakhala pa kompyuta kuyambira m'mawa, wakonza felemu yokongola, maluwa m'makona, mayina a mkwati ndi mkwatibwi m'munsi, tsiku la ukwati pambali. Pakati waboola bwinobwino kuti chithunzi chizionekera. Koma akangoika felemuyo pamwamba pa chithunzi, nkhope zonse zaphimbika ndi chinthu choyera mbee. Akatero amayamba kuloza chala kompyuta, ati yalowa vayirasi, ena ati Photoshop yawo ndi yakale. Kompyuta ilibe mlandu. Felemuyo mwaisunga mu JPEG.

JPEG, mtundu wa fayilo yosungira zithunzi, inakhazikitsidwa mu 1992, ndipo anaipangira zithunzi za kamera, momwe kadontho kalikonse kamakhala ndi mtundu wake. Ilibe njira yosungira malo opanda kanthu. Choncho pulogalamu ikafika pa bowo lanu lija posunga, imathirapo mtundu, kawirikawiri woyera, mapulogalamu ena wakuda. PNG, fayilo ya mtundu wina yomwe inabwera mu 1996, ili ndi chomwe amachitcha alpha channel. Kuwonjezera pa mitundu, kadontho kalikonse kamasunganso mlingo wa kuonekera kwake, kuyambira 0, pomwe sikaoneka n'komwe, mpaka 255, pomwe kamatseka zonse za pansi pake. N'chifukwa chake kamthunzi kofewa m'mphepete mwa felemu kamakhala bwino mu PNG. GIF nayo imatha kusiya bowo, koma kadontho kake kamangokhala kotseka kapena kotsegula basi, komanso imanyamula mitundu 256 yokha, ndiye maluwa anu amatuluka okakala.

Chimene chikundipweteka mtima kwambiri ndi zomwe mumachita mukaona choyeracho. M'malo mobwerera ku fayilo yoyamba, mumatenga Magic Wand, chida cha mu Photoshop chosankhira malo a mtundu umodzi, n'kuyamba kudula choyeracho pa JPEG pomwepo. JPEG ikamapanikiza fayilo kuti ichepe, imasakaniza mitundu m'malire, moti pakati pa golide wa felemu ndi choyera pamakhala timadontho totuwa tosawerengeka. Magic Wand imachotsa choyera chenicheni n'kusiya totuwato. Pa sikirini simuona kanthu. Koma ikani felemuyo pa suti yakuda ya mkwati, muona kamzere koyera kokhala ngati mano a sowo kazungulira chithunzi chonse. Mukasunganso mu JPEG kachiwiri, kachitatu, zilembo za mayina zimayamba kuchita chifunga, chifukwa kusunga kulikonse kumataya kena kake komwe sikabwereranso. Ndiye tsiku lathera pokonza chinthu chimene chikanatha musanamwe tiyi.

Bambo wina yemwe ali ndi situdiyo pamsika wina anandiimitsa ndikudutsa mwezi wathawu. Amayi a kwaya ya mpingo wina anamupatsa ntchito ya zithunzi 60 za chikondwerero chawo, chilichonse chikhale ndi felemu ya dzina la kwaya. Felemuyo anakonza ndi mphwake wa ku tawuni, ndipo mnyamatayo sanalakwitse, anaisunga mu PNG. Koma potumiza pa WhatsApp anaisankha m'gulu la zithunzi. WhatsApp ikalandira fayilo ngati chithunzi imaipanikiza kuti isadye bandulo, ndipo imafika kwa mnzanu itasanduka JPEG. Bamboyo anadula pakati ndi Magic Wand, osazindikira kuti yadyanso zilembo zoyera za dzina la kwaya, ndipo anapulinta zonse 60 usiku magetsi atangoyaka, osayesa ndi chimodzi chomwe. Anandionetsa mulu wake pa tebulo. Dzina la kwaya linali lobookabooka, masiketi akuda a amayiwo akuonekera m'zilembomo, kamzere kaja kali m'mbali monse.

"Alangizi," anatero akupukusa mutu, "mphwanga anandiuza kuti ndi PNG. Ndiye ine ndikanakayikira chiyani?"

Ndinawayankha kuti, "Bambo, inali PNG ikuchoka kwa iye. Yafika kwa inu ili china."

Amayiwo anakana kulandira, ndipo sindingawadzudzule. Pepala la zithunzi silibwerera mu pulinta kawiri, inki yomwe inapita inapita, ndipo bamboyo anagula zonse kachiwiri ndi ndalama za m'thumba mwake. Chachikulu anataya ndi chikhulupiriro, chifukwa amayi a kwaya ndi omwewo amene amayendetsa makomiti a maukwati m'deralo.

Pali zizolowezi zina zimene ndatopa nazo kuzinena. Kusintha dzina la fayilo, kufufuta jpg n'kulemba png, sikusintha chilichonse m'kati mwake, ndi chimodzimodzi kulemba "shuga" pa thumba la mchere. Kujambula sikirini ya foni kuti mupeze felemu nakonso n'kutaya nthawi, chifukwa sikirini imajambulika ndi zonse zomwe zikuoneka. Ndiye pali mafelemu omwe mumatsitsa pa Google mutangoona timabokosi totuwa ndi toyera tokhala ngati bolodi la dirafuti. Timabokosi timeneto ndi chizindikiro chomwe mapulogalamu okonzera zithunzi monga Photoshop ndi GIMP amaonetsa kuti apa palibe kanthu, koma pa intaneti padzaza mafayilo omwe timabokosito anachita kutijambula ngati mbali ya chithunzi. Ndaonapo khadi la chinkhoswe litatuluka ndi bolodi la dirafuti pakati. Kodi kuika felemu pamwamba pa chithunzi chimodzi n'kuona kaye kumatenga nthawi yochuluka bwanji?

Kakonzedwe kake ambiri mukukadziwa kale, ndingokumbutsa. Potsegula fayilo yatsopano sankhani Transparent, osati White. Ngati ndi ya zithunzi za mainchesi 4 kwa 6, ikani madontho 1200 kwa 1800 kuti ifike 300 pa inchi. Ya A4 ndi 2480 kwa 3508, ya pa Facebook 1080 kwa 1080 ikukwana. Felemu ikhale pa layer yakeyake, ndiko kuti pa gawo lakelake losanjikizidwa pamwamba pa zina, sankhani pakati n'kudina Delete. Mu Photoshop masulani kaye kaloko ka pa Background. Mu GIMP, yomwe ndi yaulere, pitani pa Layer, Transparency, Add Alpha Channel, apo ayi Delete ingothira mtundu m'malo moboola. Potulutsa sankhani PNG, ndipo mu Photoshop onani kuti kabokosi ka Transparency pa Export As n'kochonga. Inu ogwiritsa ntchito pulogalamu ya Canva dziwani kuti kutsitsa ndi kumbuyo koonekera ndi kwa olipira, ndiye ngati simulipira tsegulani pulogalamu ya Photopea pa intaneti. Sungani pambali fayilo yoyamba yokonzera, PSD mu Photoshop kapena XCF mu GIMP, ukwati wotsatira mungosintha mayina ndi tsiku. Pa WhatsApp tumizani felemu ngati Document. JPEG igwiritseni ntchito kumapeto, felemu ndi chithunzi zitaphatikizana kale, ndipo pulintani chimodzi chokha choyamba, makamaka chomwe muli zovala zakuda, mutuluke nacho panja mukachione padzuwa.