Chofiira chinkatuluka ngati lalanje, ndinachikonza chonchi

Pa makina athu osindikizira zikwangwani kuno ku Chitakale, mtundu wofiira unkatuluka wofuwirira, wopendekera ku lalanje. Pa kompyuta chili psuu, koma pa banner ayi ndithu. Bambo wina wa butchala anakana kulandira chikwangwani chake, ndipo sindinawaone kulakwa.

Printa yathu ilibe inki yofiira. Imasakaniza magenta (inki yooneka ngati pinki wakuya) ndi yellow, ndiye magenta akangochepa pang'ono, yellow amalamulira. Ndinayamba ndi nozzle check, kusindikiza mizere yoyesera yoonetsa ngati timabowo totulutsa inki tatsekeka. M'mizere ya magenta munali timipata ngati mano oguluka, ndipo nditatsuka mutu wa printa mizere inadzaza. Zinasinthako, koma osati kwenikweni.

Vuto lalikulu linali m'fayilo. Chofiira cha RGB (mitundu ya pa sikirini ya kompyuta), 255-0-0, inki singachikwanitse, choncho pulogalamu ya RIP, yomwe imakonza fayilo kuti printa isindikize, imangosankha chapafupi. Ndinachilemba ndekha mu CMYK, mitundu inayi ya inki ya printa: magenta 100, yellow 100, cyan (wa buluu) 0, black 0. Cyan, kaya achepe bwanji, amadetsa chofiira. Kenako ndinasindikiza timabokosi, yellow ndikumutsitsa 100, 95, 90, 85, n'kukationera panja padzuwa, poti babu la m'shopu limanamiza maso. Ka 90 ndiko kanawala bwino pa vinyl yathu, pulasitiki yomwe timasindikizapo. Pa nsalu ya banner pamafunika kuyesanso pakepake.

Profile (fayilo youza printa kasakanizidwe ka inki) ndinasankha yogwirizana ndi vinyl yomweyo, ma pass (maulendo amene mutu wa printa umadutsa pamalo amodzi) ndinawakweza kuchoka pa 4 kufika pa 8. Ntchito imachedwerapo, inde, koma mtundu umakhuta. Nyengo ya chiperoni inki imachedwa kuuma, ndiye hita ndimaisiya pa madigiri 40, ndipo chosindikizacho sindichikulunga tsiku lomwelo.