Pikapu yakale ikukana kulira: muyambire pati?

Mwafunsa kuti muyambire pati pikapu yanu yakale ikakana kulira. Musanamasule chilichonse, ikani giya pa fuli, mumange handibuleki, kenako mupotokole kiyi n'kumvetsera bwino, chifukwa phokosolo ndilo likuuzeni kumene kuli vuto.

Ngati mukungomva kugogoda ndipo magetsi a pa dashibodi akuzirala, yambani ndi batire. Batire yodzaza imaonetsa ma volt pafupifupi 12.6, ndipo ikatsika pansi pa 12 ndiye kuti yafooka. Komabe ndikulangizani kuti muone kaye mitu ya batire, popeza kaufa koyera kapena kobiriwira kamene kamaunjikana pamenepo kamatchinga magetsi ngakhale batireyo ili bwinobwino. Yambani kumasula waya wa negetivu (wa chizindikiro cha -), palani mituyo ndi sandipepa mpaka iwale, ndipo mumangenso zolimba, osaiwala waya wa ethi, wochokera ku negetivu kupita ku injini. Zikakanikabe, wina apotokole kiyi inu mukugogoda sitata (kamota kozungulitsa injini kuti ilire) pang'ono ndi sipanala. Ikazungulira, nthawi zambiri amakhala kuti mabulashi ake (timakala todutsitsa magetsi mkati mwa sitata) atha.

Ngati injini ikuzungulira koma osagwira, vuto lili ku mafuta kapena ku moto. Pa ya petulo, chotsani pulagi imodzi, muibwezere pa waya wake, muigunditse ku chitsulo cha injini osaigwira ndi manja, n'kuona ngati ikuthetheka wina akapotokola kiyi. Pa ya dizilo, popani kapampu ka pa fyuluta mpaka kalimbe kuti mpweya utuluke, ndipo mudikire nyale ya ma glow plug (mapulagi otenthetsa mkati mwa injini) izime musanalize. Musazungulitse sitata kupitirira masekondi 10 nthawi imodzi, kuopa kuiwotcha.