Chithunzi chanu chisagwe oweruza asanachione

Zithunzi zambiri pa mpikisano wa kalabu ya ojambula zimagwa zisanafike n'komwe kwa oweruza, ndipo chimazigwetsa ndi kukula kwake. Kalabu ikanena 1600 x 1200, ndiye kuti chopingasa musapitirire mapikiselo (timadontho topanga chithunzi) 1600, choimirira musapitirire 1200. Chithunzi choimika ndicho chimapusitsa anthu: mbali yake yaitali ikhale 1200, osati 1600, apo ayi chikanidwa kapena pulogalamu ichichepetsa yokha n'kuchiwononga. Sungani ngati fayilo ya JPEG, ndipo posankha dongosolo la mitundu ya chithunzi, sankhani lotchedwa sRGB. Mukachisiya pa dongosolo lina lotchedwa Adobe RGB, zofiira ndi zobiriwira zimaoneka zofuwa pa pulojekita.

Dzina lanu lisaoneke pachithunzipo, oweruza sayenera kudziwa mwini wake.

Gawo la zachilengedwe ndiye lokhwima zedi. Malamulo a mabungwe akuluakulu a ojambula zithunzi a FIAP ndi PSA, omwe makalabu ambiri amatsatira, amalola kudula m'mbali ndi kukonza kuwala, koma kufufuta kanthambi kotchinga diso la mbalame n'koletsedwa, kachepe bwanji. Ambiri amati palibe angaone, koma zimaoneka. Choncho fayilo ya RAW, yoyambirira yosakonzedwa yochokera m'kamera, musaitaye, chifukwa mukapambana okonza mpikisano akhoza kuiitanitsa kuti ayerekeze ndi chimene munatumiza.