Katemera amadalira maselo a CD4: zofunika kusamala pobaya katemera

Jakisoni wa katemera akalowa pantchafu ya mwana, chimene chalowa m'thupi ndi chizindikiro chabe cha kachilombo. Chitetezo chenicheni thupi limapanga lokha pambuyo pake. Ma antibody, omwe ndi mapuloteni ogwira tizilombo m'thupi, amapangidwa ndi maselo a B, koma maselowa sapita patali popanda kuthandizidwa ndi maselo a T othandizira, omwe ambirife timawadziwa ndi dzina loti CD4. Izi zinaonekera mu 1966, pomwe Henry Claman ndi anzake anapeza kuti mbewa zopatsidwa maselo a m'mafuta a m'mafupa okha (kochokera maselo a B), kapena a mu thymus okha (kachiwalo ka m'chifuwa kokhwimira maselo a T), zinkapanga ma antibody ochepa kwambiri, koma zikapatsidwa mitundu yonse iwiri zinkapanga ochuluka.

Maselo awiriwa amakumana m'timibulu ta ma lymph node, tomwe tikatupa m'khwapa kapena m'mphechepeche timati mwanabere. Selo la B limameza chizindikiro chija, n'kuchiphwanya, n'kuika tizidutswa take pamwamba pake. Selo la CD4 lodziwa kachidutswako limafika n'kugwirana nalo: puloteni yake ya CD40L imalowana ndi CD40 ya selo la B. Likatero limatulutsa timadzi ta uthenga totchedwa ma cytokine. IL-21 imachititsa selo la B kuchulukana ndi kukhwima, ndipo IL-4 ndi TGF-beta zimathandiza kusankha mtundu wa antibody woti upangidwe. Poyamba thupi limapanga mtundu wotchedwa IgM, yomwe siikhalitsa. Uthengawu ukafika, limasinthira ku IgG ya m'magazi, IgA ya m'matumbo ndi m'njira zopumira, kapena IgE. Pali ana aamuna obadwa ndi CD40L yolakwika. Maselo a B ali nawo, IgM alinso nayo, koma IgG imakhala yochepetsetsa, ndipo chibayo sichiwachoka.

Mbali yofunika kwambiri kwa ife obaya katemera ndi nthawi. Pakatha pafupifupi sabata imodzi, m'kati mwa ma lymph node mumapangika timalo totchedwa germinal centre. M'menemo maselo a B amachulukana, lililonse n'kusintha pang'ono kaumbidwe ka antibody yake, kenako amalimbirana maselo a CD4, omwe amakhala ochepa. Logwira chizindikiro mwamphamvu ndilo limalandira thandizo n'kupulumuka. Logwira mofooka limafa. Kusefa kumeneku kumatenga masabata angapo. Opambanawo ena amakakhala m'mafuta a m'mafupa n'kumatulutsa ma antibody kwa zaka, ena amasanduka maselo okumbukira.

N'chifukwa chake pakati pa jakisoni woyamba ndi wachiwiri wa pentavalent, katemera woteteza ku matenda asanu, payenera kudutsa masabata osachepera 4, monga pa ndondomeko ya masabata 6, 10 ndi 14. Mukafulumiza, wachiwiriyo amapeza kusefa kusanathe ndipo phindu lake limachepa. Kuchedwa sikuononga chimodzimodzi, chifukwa maselo okumbukira amadikira. Mwana akabwera atachedwa ndi miyezi itatu, musayambirenso. Mupatseni jakisoni wotsatira n'kulemba tsiku pakhadi. Choipa cha kuchedwa n'chakuti mwanayo amakhala nthawi yaitali wopanda chitetezo chokwanira. Katemera wa kafumbata kwa amayi amatsatira mfundo yomweyi: wachiwiri pakatha masabata 4, wachitatu pakatha miyezi 6, wachinayi ndi wachisanu motalikirana chaka chimodzi. Auzeninso makolo kuti chitetezo chimayamba kuoneka pakatha masabata pafupifupi awiri, ndiponso kuti kamwanabere kotuluka kumbali yomwe mwabaya kawirikawiri kamaphwa kokha. Kakafiira, kutentha ndi kuchita mafinya, mwanayo akaonedwe.

Mabakiteriya oyambitsa chibayo ndi matenda oumitsa khosi amavala chikopa cha shuga. Maselo a CD4 amazindikira tizidutswa ta puloteni basi, ndiye katemera wa shugayo payekha sawaitana. Ana osakwana zaka ziwiri sapindula naye kwenikweni, ndipo katemerayo sasiya maselo okumbukira. Akatswiri anamangirira shugayo ku puloteni kuti selo la B likameza zonse pamodzi likhale ndi choonetsa kwa CD4. Katemera wotere wa Hib, bakiteriya wina woyambitsa matenda oumitsa khosi, anavomerezedwa mu 1987, ndipo wa chibayo wotchedwa PCV mu 2000. Choncho musapatse khanda katemera wa shuga yekha, monga PPSV23, m'malo mwa PCV.

Tsopano za anthu amene asilikali awo a CD4 atsika. Munthu wamkulu wathanzi amakhala ndi maselo 500 mpaka 1,500 pa microlitre imodzi ya magazi. HIV imalowa m'maselo omwewa, ndipo chiwerengero chikatsika pansi pa 200 katemera amagwira mofooka ndipo chitetezo chake chimatha msanga. Katemera wopanda kachilombo kamoyo, monga wa kafumbata, PCV ndi wa hepatitis B, saopsa ngakhale CD4 ili yotsika, choncho musamukane munthu. Ingodziwani kuti angafunike kubwereza katemerayo ma ARV akakweza chitetezo. Pa hepatitis B, pomwe kuyeza kulipo, yezani anti-HBs, antibody wa katemerayu, pakatha mwezi umodzi kapena iwiri chibayireni jakisoni womaliza. Ikapezeka pansi pa 10 mIU/mL, katemerayo sanagwire mokwanira. Katemera wamoyo ndi nkhani ina. Wa chikuku ndi wa yellow fever saperekedwa kwa wamkulu amene CD4 yake ili pansi pa 200, ndipo wa chikuku saperekedwa kwa mwana amene CD4 yake ili pansi pa 15 peresenti, chifukwa kachilombo kofooketsedwako kangathe kuchulukana popanda wokaletsa. Khanda lodziwika kuti lili ndi HIV lidikire BCG, katemera wamoyo wa TB, mpaka liyambe ma ARV n'kukhazikika.

Mankhwala enanso amafooketsa maselowa, ndipo ambirife timaiwala kufunsa. Wamkulu amene wamwa prednisolone wa 20 mg kapena kuposerapo tsiku lililonse kwa masiku 14, kapena mwana amene wamwa 2 mg pa kilogalamu iliyonse kwa nthawi yomweyo, adikire mwezi umodzi atasiya asanalandire katemera wamoyo. Musanatsegule botolo, funsani mankhwala amene munthuyo akumwa, ndipo ngati ali pa ma ARV onani tsiku limene anayezetsa CD4 komaliza.